Kudula Zigoba za Chifefe Kuti Zikwane M'chipinda cha 65 mm

Mfuti imene inandilowetsa m'ntchito imeneyi ndi chifefe chakale cha mipope iwiri, cha geji 12 (geji ndi muyeso wa kukula kwa bowo la mpope), chopangidwa ku Birmingham. Kwa miyezi ingapo ndinkachidyetsa zipolopolo zogula za 70 mm. Zinkalowa bwinobwino, mfuti n'kutseka popanda kukakamiza. Dandaulo langa linali phewa basi, chifukwa inkamenya mwankhanza kuposa zinzake za geji yomweyo, ndipo zigoba potuluka zinkakhala ndi kukamwa kothetheka ngati khoswe wazitafuna. Mmisiri wa mfuti amene ndinamuonetsa sanataye mawu. Analowetsa choyezera m'chipinda cha mpope, chinaima pa mzere wa 65. Kenako anachotsa mipope, n'kuitembenuza, n'kuloza ndi chala 2½ yodindidwa kunsi kwake pakati pa zidindo zina. Anandifunsa kuti, "Achimwene, izi simunaziwerengepo?" Ndinalibe poyankha.

Nachi chimene chimapusitsa anthu. Utali wolembedwa pabokosi si utali wa chipolopolo chimene mwagwira m'manja. Ndi utali wa chigoba chikaombedwa kale, kukamwa kutatambasuka. Chisanaombedwe, chipolopolo cha 70 mm chimakhala chachifupi ndi sentimita yathunthu kapena kupitirirapo, popeza pulasitiki wakukamwa amakhala atapindidwira mkati, n'chifukwa chake chimakhala phee m'chipinda cha 65 mm. Mukaomba, kukamwa kumafuna kutseguka koma malo palibe. Pulasitiki amagonera m'kakhosi kopapatiza kamene kamalumikiza chipinda ndi mpope, kamene amisiri amakatcha forcing cone, ndiye wadi (kotsekera kamene kamalekanitsa onga ndi mtovu) ndi njere za mtovu zimachita kudzipanikiza kuti zidutse. Pulesha imakwera, ndipo imakwera m'mfuti imene ili kale ndi zaka zambiri pamsana.

Pa geji 12 mautali odziwika ndi mainchi 2½, 2¾, 3 ndi 3½, amene m'mamilimita amalembedwa 65, 70, 76 ndi 89. Mfuti zambiri zakale za ku England zili ndi chipinda cha 2½. Zakale za ku America zili ndi zawozawo: 2⅝ pa geji 12, 2 9/16 pa geji 16, 2⅞ pa geji 10. Zipolopolo za mautali amenewa sizipezeka paliponse, ndipo apa m'pamene kudula kumayambira. Ena amadula pachifukwa china. Chigoba chimayamba kutha kukamwa, pamene chimapindidwa ndi kutambasuka nthawi iliyonse, pomwe thupi lake likadali lolimba, ndiye kuchotsa mamilimita angapo kumachipatsa moyo wina. Palinso okonda tizipolopolo ta inchi 1¾, tofanana ndi Minishell ya kampani ya Aguila. Ine zanga ndi za 65, ndipo ndifotokoza zimenezo, ngakhale kagwiridwe ka lumo n'kamodzi.

Musanagwire lumolo, zinthu ziwiri. Choyamba, timadula chigoba chopanda kanthu, choombedwa kale. Chipolopolo chodzaza sichidulidwa, ndipo chigoba chimene chili ndi primer yamoyo, kachitsulo kaja koyatsa onga, sichiyandikira sowo kapena makina ozungulira. Ine ndimayamba ndachotsa primer yakale n'kubwezeretsa chitsulo chakunsi pa saizi yake pamakina, kuti ndikayang'ana m'chigoba ndizionera kuwala kubowo. Chachiwiri ndi lamulo. Kusunga onga ndi kudzaza zipolopolo kumafuna chilolezo m'mayiko ambiri, ndipo kwina n'koletsedwa ndithu. Ku Germany, mwachitsanzo, munthu amayamba wachita maphunziro n'kulandira chilolezo chapadera asanagule onga. Yambani mwafunsa za kwanuko.

Zigoba zoyenera kudula

Dulani chigoba chimodzi cha mtundu uliwonse umene muli nawo m'litali mwake, kuyambira kukamwa mpaka kuchitsulo, muone mkati. Mupeza mitundu iwiri. Pali za khoma lowongoka, zimene makulidwe a pulasitiki ndi amodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo pansipo pali kampando kapadera ka pulasitiki kapena ka pepala: Cheddite, Fiocchi, Rio ndi zambiri za Federal zili m'gulu limeneli. Palinso zimene khoma limanka likhuthala mukamatsika, mkati n'kumapapatiza, monga Remington STS ndi Gun Club, kapena Winchester AA yakale imene inatuluka mu 1965.

Pa ntchito yodula ndimasankha za khoma lowongoka. Chifukwa chake n'chapafupi: paliponse pamene mudule, kukamwa kwatsopano kumakhala kofanana ndi kwakale. Zokhuthala pansi zija zimadulika ndithu, koma mukatsika kwambiri pulasitiki amakana kupindika bwino. Musasakanize mitundu m'gulu limodzi, ngakhale zitafanana mtundu wa utoto. Kutalika kwa kampando kapansi kamasiyana, ndipo kusiyanako kumasintha malo a onga.

Tayani popanda chisoni chigoba chilichonse chong'ambika m'mbali, cha dzimbiri pachitsulo, chimene primer yatsopano imalowamo mopepera, kapena chimene kampando kake kakugwedera. Kampando kamene kali ka pepala kakanyowapo n'kosadalirika: kangathe kuzuka poomba n'kukatsakamira mumpope, ndipo chipolopolo chotsatira chimakakumana nako. Zigoba zotola pansi zimene zagona pamvula ndimazisiya pomwepo.

Kuyeza

Apa m'pamene ndinagwa ulendo wanga woyamba. Ndinawerengera kuti 70 kuchotsa 65 ndi 5, ndiye ndinkayeza mamilimita 5 kuchokera kukamwa n'kudula. Nditaziimika pa tebulo zinali ngati ana a m'kalasi imodzi, wina wamtali wina wamfupi. Zigoba zolembedwa 70 mm sizikwana 70 zonse. Zambiri zimaperewera milimita imodzi kapena awiri, ndipo kukamwa kwa chigoba choombedwa sikukhala kosalala. Muyeso umayambira pansi pa chitsulo, pamene pamakhudza nkhope ya mfuti, kukwera m'mwamba. Zimene zatsala pamwamba pa mzere, kaya ndi mamilimita 4 kaya 6, n'zotaya.

Kanthu kena kosokoneza: mainchi 2½ mukawawerengera bwino ndi mamilimita 63.5, osati 65. Mabokosi amalemba ziwirizi ngati chinthu chimodzi, koma caliper, chida choyezera mamilimita molondola, sigwirizana nazo. Ine ndimadula pa 63.5. Chigoba chachifupi pang'ono kuposa chipinda sichivulaza mfuti. Chachitali n'chimene tikuthawa. Ngati malangizo a kadzazidwe amene mukutsata atchula utali wake, tsatani umenewo. Ndipo chipinda cha mfuti yanu chiyezedwe ndi choyezera chenicheni, osangokhulupirira chidindo, chifukwa mfuti zina zakale zinatalikitsidwa chipinda pambuyo pake.

Chodulira

Zogula zilipo. Ballistic Products amagulitsa chawo chotchedwa Trim Doctor, ndipo chimagwira bwino. Changa ndinapanga ndekha madzulo amodzi. Ndinatenga kamtengo kozungulira kolimba ka mamilimita 19, kotalika ngati chikhatho, n'kukapala ndi sandipepa mpaka kakulowa m'chigoba mothina pang'ono koma kakuzungulira. Kumapeto kolowa mkati ndinabayako sikuluwu ya mutu wafulati. Sikuluwuyo ndiyo imagunda kampando kapansi, ndipo kuilowetsa kapena kuitulutsa kumasintha pamene lumo lidule. M'mbali mwa kamtengoko ndinacheka kampata kopendekera pang'ono, n'kulowetsamo chidutswa cha lumo, nsonga yokha ikusuzumira kunja, n'kuchimanga ndi kasikuluwu kena. Kupendekerako n'kofunika: lumo limatsika mozungulira ngati mukusenda lalanje, likudya pulasitiki pang'onopang'ono, mpaka sikuluwu yagunda pansi, pamenepo limazungulira pamzere umodzi n'kumaliza.

Popeza chida chotere chimayezera mkati, mukasintha mtundu wa zigoba muyenera kuchitchera mwatsopano. Konzani zigoba zitatu kapena zinayi zoyesera. Dulani chimodzi, yezani kunja ndi caliper, potozani sikuluwu, dulani china, mpaka muyeso utakhazikika.

Njira ina, imene imayezera kunja, ndi ya paipi. Pezani paipi yachitsulo imene chigoba chimalowamo mosagwedera, muidule mwakuti chigoba chikalowa mpaka mkombero wake wagunda, chotulukira kumapeto chikhale chotayacho. Lowetsani kamtengo mkati kuti pulasitiki asafwamphuke, kenako yendetsani mpeni wakuthwa motsatira mlomo wa paipi. Kumbukirani kuchotsera makulidwe a mkombero poyeza paipiyo. Njirayi ndi yochedwa koma siinama, ndipo siisamala kuti kampando kamkati n'kotalika bwanji.

Sowo yamagetsi ndinaiyesapo. Ndi yachangu, koma ikathamanga kwambiri pulasitiki amasungunuka n'kusiya ndevu kukamwa, ndiye nthawi imene mwapulumutsa mumaithera kupala. Amene akudula zigoba mazanamazana angapirire nazo. Kwa ine wa mabokosi awiri pamwezi, ayi.

Kadulidwe kake

Gwirani chigoba kuchitsulo ndi dzanja lamanzere, chida kudzanja lamanja, zala zonse zili kumbuyo kwa lumo. Lowetsani kamtengo, yambani kupotoza chigobacho mosakakamiza. Mumva lumo likugwira, ndipo kachingwe kapulasitiki kamayamba kutuluka kopotana. Musakankhe kuti mufike msanga, chifukwa lumo likakakamizidwa limathawa mzere n'kusiya kukamwa kopendama. Sikuluwu ikagunda pansi, zungulizani kamodzi kathunthu, kachingwe kagwa kokha. Lumo likayamba kukoka pulasitiki m'malo momudula, m'mphepete mukuoneka moyera, lisintheni. Limabuntha msanga kuposa mmene mungaganizire, chifukwa mwaye wotsalira m'chigoba umalidya.

Pulasitiki wozizira amauma mtima. M'nyengo yozizira ndimasiya zigoba m'chipinda chofunda kwa kanthawi ndisanayambe, osati pafupi ndi moto. Zigoba za pepala, zimene zinali paliponse Remington asanabweretse zapulasitiki mu 1960, zimadulika mosavuta koma zimafuna lumo latsopano, apo ayi kukamwa kumanyenyeka.

Mukadula khumi, ziimikeni pagalasi kapena pathabwa losalala, muike rula pamwamba. Chimene sichikukhudza rula, kapena chimene chikuikweza, chichoke pamzere. Kusiyana kwa theka la milimita kumaonekera potseka: china chimatseka mozama, china chimasiya kabowo pakati.

Kusongola mlomo

Yang'anani chigoba chatsopano chosadzazidwapo, muona kuti mlomo wake ndi wopyapyala, wopalidwa mkati kapena kunja. Amatero kufakitale kuti upindike mosavuta. Mukadula, mbali yopyapyalayo imapita ndi chidutswa, mumatsala ndi mlomo wokhuthala. Kuupalanso amati skiving. Chida chake ndi kamutu kosongoka kokhala ndi mchenga ngati sandipepa, komangidwa pa makina oboolera. Changa ndi kamtengo kosongoledwa kokutidwa ndi sandipepa yosalala. Kukhudza kwa masekondi awiri n'kokwanira, mamilimita atatu kapena anayi akumlomo. Mukapitiriza, mlomo umapyapyala ngati pepala ndipo umang'ambika poomba koyamba. Gogodani chigoba chozondotsa kuti fumbi lapulasitiki lituluke, lisakatseke bowo la primer.

Kutseka

Zonse zimene tachitazi zimaweruzidwa pano. Njira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi crimp (kapindidwe kotseka kukamwa) ya nyenyezi, yopinda kasanu n'kamodzi kapena kasanu n'katatu, imene makina odzazira amachita. Pa geji 12 imadya pafupifupi mamilimita 11 kapena 12 a chigoba. Mukadula 70 kufika pa 63.5 ndiye kuti theka la mikwingwirima yakale latsala, ndipo pulasitiki amakumbukira. Werengani mapindo akale, mugwiritse choyambira crimp cha nambala yomweyo. Choyambira cha mapindo 8 pa chigoba chimene chinali cha 6 chimatulutsa chinthu chopotoka chosaoneka bwino. Kutseka koyamba kumavuta chifukwa theka lapansi la pindo likulowa mu pulasitiki amene sanapindidwepo. Ndimatsitsa chogwirira cha makina pang'onopang'ono, n'kuchigwira pansi kamphindi. Makina nawo ayenera kudziwa kuti chigoba chafupika. Pa makina odzazira a MEC 600 Jr pali kachipangizo kogula kotchedwa short kit, kamene kamakweza chigoba pa masiteshoni otsekera. Ena amangoika kachitsulo kafulati ka makulidwe ofanana ndi chimene anadula. Nyenyezi yabwino imakhala yafulati, yolowa pafupifupi milimita imodzi ndi theka, yopanda bowo pakati. Kuizamitsa mopitirira kumakweza pulesha.

Yachiwiri ndi roll crimp, imene ndimaikonda pa mfuti yakale. Pamwamba pa njere za mtovu mumaika kakhadi kozungulira kopyapyala, kenako mlomo wa chigoba umapiringizidwira mkati mpaka wakanikiza khadilo. Imafuna pulasitiki wochepa, pafupifupi mamilimita 6 pamwamba pa khadi, kotero mkati mumatsala malo ambiri. Koma imadana ndi mikwingwirima yakale. Apa zigoba za 76 mm zimathandiza: kuzidula kufika pa 65 kapena kutsikirapo kumachotsa pafupifupi mapindo onse, mumatsala ndi mlomo wosalala ngati watsopano. Za 70 mm muyenera kuziwongola kaye ndi chida chozungulira chimene chimafunditsa mlomo.

Mutu wa roll crimp ndimaumanga pa makina oboolera oima, pa liwiro lotsika, chigoba chitagwidwa mowongoka m'kavayisi kake. Kadontho kamafuta pa mlomo, kamodzi pa zigoba zingapo. Tsitsani mutuwo ukhudze chabe, dikirani masekondi awiri kapena atatu kuti kukhulana kufunditse pulasitiki, kenako kanikizani mofatsa. Mumamva m'dzanja mlomo ukugonja, kenako kulimba ukafika pa khadi. Imani pomwepo. Gulu langa loyamba ndinalitseka mwaphuma, mutu usanafunde, ndipo mkombero unagwira khadi mbali imodzi yokha. Ndinazindikira ndili kale kumalo oombera, nditapisa dzanja m'thumba la jekete n'kupeza njere za mtovu zili mbwee pansi pake. Masiku ano chipolopolo chilichonse ndimachigwedeza pakhutu. Chikalira ngati chisekese, sichinatseke. Valani magalasi oteteza maso pa ntchito yonseyi, ndipo pa tebulo pasakhale chitini cha onga chotsegula pamene makina akuzungulira.

Zothira mkati

Sindikupatsani muyeso wa onga, ndipo musaulandire kwa munthu aliyense pakamwa. Chigoba chodulidwa ndi chigoba china. Kadzazidwe ka chifefe ndi gulu la zinthu zoyesedwa pamodzi: chigoba, primer ya mtundu wa 209 ya kampani yakutiyakuti, onga, wadi, kulemera kwa mtovu, ndi katsekedwe. Kusintha chimodzi, ngakhale primer yokha, kungasunthe pulesha kwambiri. Ndipo chifefe sichichenjeza ngati raifulo, mfuti yoomba chipolopolo chimodzi osati njere, imene chigoba chake chimaonetsa zizindikiro. Malire a pulesha a SAAMI, bungwe la ku America, pa geji 12 ya 2¾ ndi 11,500 psi. A bungwe la CIP, limene mayiko ambiri a ku Ulaya amatsata, ndi 740 bar pa zipolopolo wamba. Mfuti ya zaka 100 siyenera kukankhidwira kumalire amenewo. Funani malangizo osindikizidwa, oyesedwa ndi makina, olembedwera chigoba cha 2½ cha mtundu umene muli nawo ndi katsekedwe kamene mukugwiritsa. Opanga onga ndi ogulitsa zipangizo zodzazira amawafalitsa.

Mudzamva anthu akunena kuti zonse zolowa mu 70 ya nyenyezi zimakwananso mu 65 ya roll crimp. Kukwana zimakwanadi, chifukwa cha malo aja roll crimp imasiya. Koma kukwana si kuyesedwa.

Vuto lofala ndi la msinkhu wa zamkati. Zikatalika, crimp imatukumuka n'kutseguka. Yankho si kupsinja ndi mphamvu kapena kuchepetsa onga mwa maganizo anu, koma wadi yaifupi imene malangizo atchula. Zikafupika, crimp imagwera mkati, ndipo mumakweza ndi kachidutswa ka koko kapena ka felt pansi pa mtovu, monga malangizowo alolera. Wadi ya khoma lowongoka ndi ya chigoba cha khoma lowongoka. Yopangidwira zopapatiza ikalowa m'chowongoka, onga umadutsa m'mbali mwake. Onga muziuyeza pa sikelo, osangodalira kachibowo ka makina, poyamba ndi pakati pa gulu.

Ngati mipope ya mfuti yanu ili ndi maluwa opotanapotana m'chitsulo, ndiye kuti ndi ya Damascus, ndipo zambiri zotere zinapangidwira onga wakuda. Imeneyo ipite kaye kwa mmisiri akayeze makulidwe a khoma ndi kuwerenga zidindo, musanaganize n'komwe za utali wa chigoba.

Kuyesa ndi kulemba

Dzazani zisanu zokha poyamba. Ombani chimodzi, tsegulani mfuti, suzumirani mumpope kuti muone kuwala mbali ina, kenako yang'anani chigoba. Mlomo uyenera kutuluka wotambasuka bwino, wosathetheka, ndipo mukauyeza usapitirire utali wa chipinda. Kulira kofooka, kapena onga wambiri wosapsa mumpope, kungasonyeze kuti crimp inali yolobodoka. Zipolopolo zazifupi zimayenda mosavuta m'mfuti zothyola pakati. M'zopopa ndi m'zodzilowetsa zokha nkhani ndi ina: za 65 zimadutsa m'zambiri, koma ta 1¾ timatembenuzika tikamakwera, pokhapokha mfutiyo itapangidwira timeneti monga Mossberg 590S, kapena mutaikamo kachipangizo kothandizira.

M'mbali mwa chigoba chodulidwa mumakhalabe mawu akufakitale onena 70 kapena 76, ndiponso kulemera kwa mtovu kumene sikulinso koona. Ndimawadutsa mzere ndi cholembera chosafufutika. Pa khadi la roll crimp ndimalemba nambala ya njere, ndipo pabokosi ndimamata kapepala ka deti, mtundu wa chigoba, utali wodulira, primer, onga ndi muyeso wake, wadi, ndi kulemera kwa mtovu. Chigoba chikabwerera pa tebulo ndimaika kadontho pachitsulo chake. Za khoma lowongoka zanga zikafika madontho atatu kapena anayi mlomo umayamba kuchita ming'alu, ndipo zimapita m'chitini cha zinyalala. Ndikamaliza ndimasesa njere zogwa, n'kusamba m'manja ndi sopo ndisanagwire china chilichonse, chifukwa mtovu ndi mwaye wa primer zimakakamira m'zikhadabo.